Kondakitala Amakhala Kumbuyo

Basi anaisiya kalekale, koma dzina silinamusiye. Kumsika, kuchipatala, ngakhale pakati pa adzukulu ake omwe, mayi ameneyu ankadziwika kuti Kondakitala, ndipo amuna ake anali a Dalaivala. Anakumana pa basi imodzi ya kampani, iye akadali mtsikana wa mawu okuwa ndi chikwama cha matikiti m'khosi, iwo ali pa chiwongolero ndi chipewa chopendekera kukhutu. Anthu ankati banja limenelo linamangidwa ndi dizilo, ndipo eni akewo sankatsutsa.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a shuga anayamba ndi kuwadyera a Dalaivala diso lakumanzere, kenako anawolokera kulinzake, mpaka munthu amene ankaona dzenje la pamsewu likadali kutsidya kwa mlatho anayamba kufufuza chitseko cha kuchipinda kwake ndi manja. Thupi lonse linali bwinobwino. Miyendo inali yolimba, chakudya chinkalowa, ndipo dokotala anati mtima umenewo ungakoke ngolo. Chimene chinafa chinali kutuluka panja. Anakhazikika pa mpando wa pakhonde, wailesi ili pantchafu, ndipo geti la panyumba linasanduka malire a dziko lawo.

"Tiyeni tikawongole miyendo, ndikugwirani dzanja," Kondakitala ankatero m'mawa uliwonse.

"Ine ndanyamula anthu odzaza basi moyo wanga wonse," iwo ankayankha. "Lero ndizikokedwa mumsewu ngati mbuzi yopita kumsika? Pitani nokha."

Ndodo yoyera imene anawapatsa kuchipatala inkangokhala kuseri kwa chitseko. Ntchito yokha imene inagwirapo inali yogwetsera mapeyala mumtengo.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala chachikulu, anali atagamula kale mlandu. Anakonza chipinda chapansi kunyumba kwake, anachotsamo makapeti oti angapunthwitse munthu, anagula ndi njinga ya odwala, ija yochita kukankha. Anati makolo ake akabwerako ku tchuthi chimene anawakonzera kunyanja yamchere, asamukira kumeneko. Namwinoyo sanali woipa mtima. Bambo ake ankawakonda, koma ankawakonda monga ankakondera odwala ake, kuwafunditsa bulangete asananene kuti akumva kuzizira. Kondakitala atapita kukaona chipindacho anaipeza njinga ija ili pakona, matayala akadali mu pulasitiki, ndipo anachita mantha. Amuna ake ankawadziwa: akadzakhalapo tsiku limodzi, sadzadzukaponso. Choncho tchuthi chimene mwana ankachiyesa chotsanzikira nyumba yakale, mayi anachitenga ngati mpata wake womaliza wowaimika amuna ake pa miyendo yawo. Ndipo sankakayika kuti atha. Munthu amene ankatsitsa zidakwa m'basi ndi pakamwa pokha sangagonje kwa nkhalamba imodzi youma mutu.

Anafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Mpweya wa kumeneko unali wonyowa, wonunkhira mchere, woti malaya ankamata pamsana munthu asanayende n'komwe. Ulendo wonse Namwino anawagwira bambo ake pachigongono, iwo nkhope ili gwa. Koma minibasi ya hotela itayamba kukwera kachitunda kotuluka pabwalo la ndege, anapendeketsa mutu.

"Woyendetsa uyu akuipha galimoto," anatero. "Chitunda chotere sakwera ndi giya imeneyo. Mukuimva mmene ikulirira injini?"

"Ababa, akumvani," Namwino ananong'ona.

"Amve. Aphunzirepo."

Kondakitala anayang'ana pawindo n'kumwetulira yekha. Maso anapita, koma dalaivala anali adakali m'katimo.

Dzuwa litapendeka anapita kukadya pamchenga, pansi pa mitengo ya kokonati, pomwe mayi wina wa epuloni yofiira ankaotcha zimene asodzi anali atangovuula. Matebulo anali a matabwa osapala, miyendo yake italowa mumchenga. Ndiwo zinali m'mabeseni, zina zikadayendayenda: nkhanu zazikulu ngati mbale, nsomba zofiira za maso otuzuka, nkhono za zigoba ziwiri, tinkhanu tandevu topindika msana, ndi chinyama china cha miyendo yambirimbiri chimene Kondakitala anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti chimenecho adye eni dziko. Munthu unkangoloza ndi chala, mayiyo n'kuchiika pamakala, n'kuthirapo adyo, tsabola ndi madzi a ndimu. Utsi wake unkachititsa njala ngakhale munthu wokhuta.

Namwino anasamba m'manja ngati akupita kukathandiza pa opaleshoni. Anasenda tinkhanu tija, anachotsa minga ya nsomba umodziumodzi, anaduladula zonse mpaka zinaoneka ngati chakudya cha mwana wongoyamba kumera mano. Kenako anawamanga bambo ake kansalu pakhosi n'kuwaikira supuni m'dzanja. A Dalaivala anatapa kawiri, n'kukankhira mbale kutsogolo.

"Ndakhuta."

Kondakitala anadzuka, anapita kwa mayi wa epuloni uja, analoza nkhanu yaikulu kuposa zonse, ndipo itapsa anaibweretsa yathunthu, ndi miyendo yake yonse, n'kuiika pamaso pa amuna ake. Kansalu kaja anakamasula n'kukaponya pambali.

"Amayi, adzibaya nayo imeneyo," anatero Namwino.

"Adzibaye. Namwino tili naye pompano."

"Mwandiikira chiyani?" anafunsa a Dalaivala.

"Injini yafera panjira. Iphwasuleni."

Poyamba anangoikhudza ndi chala chimodzi, ngati munthu woyesa ngati simbi yatentha. Kenako manja onse awiri anatsikirapo. Anali manja amene anamasulapo giyabokosi m'mbali mwa msewu mvula ikugwa, ndipo sanaiwale ntchito. Anayenda pamsana pa nkhanuyo, anatsata mwendo uliwonse mpaka polumikizira, anaitembenuza chagada.

"Boneti yake ili pansi," anatero, n'kulowetsa chala chachikulu pa kachivundikiro ka pamimba. Chigoba chinatseguka, nthunzi n'kutuluka. Anafufuza m'katimo n'kupeza tinthu tofewa tokhala ngati nthenga. "Izi ndi zosefera. Zosefera sadya."

"Bambo awa anakulira kunyanja kodi?" anafunsa mayi wa epuloni, amene anali atayandikira ndi mbano yake m'manja.

"Anakulira pansi pa basi," anatero Kondakitala.

Anathyola miyendo polumikizira penipeni, anapsopsona uliwonse mpaka kulira, msuzi ukutsikira kuzigongono. Atafika pa chala chachikulu chija nkhanu imapanira, anatenga supuni ija anaikana n'kuyamba kugogoda ndi kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, kufuna pomwe chigoba chapyapyala. Atapapeza anamenya kamodzi. Nyama inatuluka yonse yathunthu, yoyera, ikufuka nthunzi, ndipo anaitambasulira kumbali kumene kunkachokera mawu a mkazi wawo.

"Kondakitala, gwira."

Chiyambire matenda aja anali asanamuitanepo choncho. Iye analandira n'kudya. Inali yotsekemera pang'ono, ya utsi, ya mchere wa m'nyanja momwemo, ndimu ikuluma kumapeto kwa lilime, ndipo anadziwa kuti chinthu chokoma chotere sanadyepo. Anasangalala mpaka misozi inalengeza, n'kunamizira tsabola. Nsonga ya chala cha nkhanu chija inatsala yosasweka, yolimba ngati fupa. Anaipukuta n'kuiponya m'chikwama chake.

Kuseri kwa hotelayo kunali phiri lobiriwira mpaka pamwamba, ndipo polandirira alendo panali chithunzi cha anthu ataima pansonga pake. Kondakitala anachiyang'anitsitsa chithunzicho tsiku lofika lomwelo. Sankaona nyanja kapena mitambo. Ankaona kuti aliyense pamenepo, wachikulire ndi wachinyamata yemwe, anagwira ndodo yansungwi.

"Mawa tikukwera phiri," analengeza pa chakudya cham'mawa.

Namwino anaika kapu pansi. "Amayi, mwayamba liti nthabwala zotere? Ababa sangathe. Inunso mawondo anuwo mumadandaula nawo pa masitepe a kunyumba kwanga."

"Masitepe a kwako alibe choona pamwamba."

"Pitani," anatero a Dalaivala. "Ine nditsala m'chipinda."

"M'chipinda muzikamvera chiyani, fani? Patsinde pa phiri pali malo a tiyi, pali mthunzi. Mukakhale pamenepo muzikatidikira."

Iwo anadziwa kuti pali msampha, pakuti mkazi wawoyo sanawapatsepo mthunzi waulere. Komabe m'mawa mwake anavala nsapato.

Wotsogolera alendo anali bambo wa kabudula ndi ndevu za imvi, miyendo yake youma ngati ya dzombe. Anagawa ndodo zansungwi kwa gulu lonse, ndipo atafika pa a Dalaivala, iwo anabisa manja kumbuyo.

"Ine za ndodo ayi."

"Aliyense walandira," anatero Kondakitala. "Khudzani ya mwana wanuyu. Nayi yanga. Kuno wopanda ndodo ndiye amene anthu amamuyang'ana."

Anakhudza ya Namwino, anakhudza ya mkazi wawo, kenako analandira yawo n'kuigogoda pansi kuti amve kulimba kwake. Zinali zikuyenda bwino mpaka wotsogolera uja, pofuna kuthandiza, anawagwira dzanja n'kuliika paphewa pake.

"Bambo, muzingogwira apa, ine ndizikukokani pang'onopang'ono."

Dzanjalo linachoka paphewapo ngati lakhudza moto. A Dalaivala anafufuza benchi ndi ndodo ija, anakhala pansi, n'kuika ndodoyo pantchafu monga ankaikira wailesi.

"Ndinanena ine. Pitani."

Namwino anayang'ana mayi ake ndi maso onena kuti mwaonatu. Kondakitala anauza wotsogolera kuti atsogole ndi gulu, iwo awapeza. Kenako anatulutsa botolo lake lamadzi lachitsulo, anapisa m'chikwama n'kutulutsa chala cha nkhanu chija, anazungulira n'kukaima kumbuyo kwa benchi. Anagogoda botololo kawiri. Ngwe, ngwe.

Mutu wa a Dalaivala unadzuka wokha.

Pa basi paja anali ndi chinenero chawo. Pobwerera m'mbuyo mu depoti, kondakitala ankatsika n'kukaima kumapeto kwa basi ndi sipanala, n'kumagogoda pachitsulo. Kawiri ndiye kuti tiyeni. Kamodzi ndiye kuti imani pomwepo. Zina zonse ankakuwa pakamwa.

"Mukuikumbukira depoti yakale ija tsiku la msika?" anafunsa Kondakitala.

"Ndingaiiwale bwanji."

"Pochita rivesi munkaona chiyani kumbuyo?"

"Ndikanaona ndi chiyani? Galasi lina linasweka, linalo anaba."

"Nanga chibasi chonse chija munkachilowetsa bwanji pakati pa mabasi awiri, ogulitsa malonda ali mbali zonse?"

A Dalaivala anaitembenuza ndodo ija pantchafu. Mbalame ina inkalira m'nkhalangomo ngati chitseko chosowa mafuta.

"Ndinkamvera iwe," anatero.

"Ndinakugwiranipo dzanja?"

"Ayi."

"Leronso sindikugwirani. Dalaivala amakhala kutsogolo, kondakitala amakhala kumbuyo. Dzukani, anthu akuchedwa kuntchito."

"Paja iwe unandigunditsa benchi la tomato."

"Kamodzi kokha, ndipo tomatoyo anali wowola kale."

Anaseka ndi mphuno. Kenako anadzuka, anakonza lamba, analoza ndodo kutsogolo ngati akufunsa njira.

"Kumanja pang'ono," anatero Kondakitala. "Basi pomwepo. Msewu ndi wafumbi, wokwera, mulibe magalimoto." Ngwe, ngwe.

Ananyamuka ndi giya yoyamba. Poyamba phazi lililonse linkayamba lafunsa nthaka kaye, ndipo Kondakitala ankayenda kumbuyo kwawo, maso ali pa nsapato zawo, pakamwa posapuma. Muzu wopingasa njira unali hampu. Pokumbika ndi madzi panali dzenje. Thabwa lowolokera kamtsinje linali mlatho wopapatiza, galimoto imodzi basi. Masitepe amiyala atayamba anati, "Chitunda, tsitsani giya," ndipo iwo anafupikitsa mapazi osafunsa. Posakhalitsa ndodo ndi phazi zinagwirizana, ndodo n'kumagunda mwala, phazi n'kumatsatira, botolo n'kumayankha kumbuyo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Namwino ankabwera pambali, manja ali tambasu ngati wolandira mwana amene akuphunzira kuyenda.

"Ababa, samalani mwala uwo. Ababa, pumulani kaye. Mwamwa madzi?"

"Iwe," anatero mayi ake, "wokwera sayankhula ndi dalaivala basi ikuyenda. Khala kumbuyo."

M'nkhalangomo munali motentha ngati m'khitchini. Masamba anali aakulu oti munthu n'kufunda, nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo thukuta linali kamukamu pamsana pa malaya a a Dalaivala. Koma msanawo unali utawongoka. Kondakitala ankauyang'ana n'kumakumbukira kuti msana umenewu ndi umene anayamba kuukonda, pakuti kondakitala amaona msana wa dalaivala tsiku lonse, nkhope amaiona pa nkhomaliro pokha. Anamva kunyada, ndipo anayamba kudzitama mumtima kuti nzeru zotere sagula pasitolo.

Kudzitamako ndi kumene kunamupweteketsa. Pa kona ina mitengo inatseguka mwadzidzidzi, ndipo nyanja yonse inaonekera pansi, yobiriwira m'mphepete, yakuda kutali, timabwato tili ngati mpunga wotayikira pansalu. Kondakitala anaima kukamwa kuli yasa. Dzanja lake, mwa chizolowezi, linagogoda kawiri. Nthambi yopingasa njira sanaione, ndipo a Dalaivala, omvera monga kale, anakalowa nayo ndi chipumi. Anadzandira, ndodo inagwa, anakhala pansi mwamphamvu. Magazi anatsika mpaka pansidze.

Namwino anafika asanathe n'kugwa komwe. Anatsegula kachikwama kake, anapukuta balalo, anamatapo pulasitala, manja akuchita mwaukatswiri.

"Basi, zakwana. Tikubwerera. Amayi, mwaona zimene ndimanena? Akanagwera uko bwenzi tikunena chiyani? Munthu saona, inu mukumuyendetsa m'phiri ndi chigoba cha nkhanu."

Kondakitala anachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kunyumba anaopa kuti mwina mwanayo akunena zoona. Anaiona njinga ija m'maganizo mwake, pulasitiki itachotsedwa.

A Dalaivala anakhudza pulasitalayo ndi chala. Kenako anafufuza pansi mpaka anapeza ndodo yawo.

"Tomato uja wabweranso," anatero.

"Pepani," anatero Kondakitala. "Ndinaona nyanja. Ndinaiwala msewu."

"Ndi yokongola?"

"Kwambiri."

"Ndiye uziiona basi itaima." Anadzuka, anadzisansa kumbuyo. "Mwana wanga, bala ili ndi lakupha?"

"Ayi, Ababa, koma..."

"Ndiye yangokalika penti. Basi sabweza ku depoti chifukwa cha penti. Kondakitala, nthambi ija ili pati?"

"Patsogolo panu. Weramani, denga ndi lalifupi."

"Gogoda."

Anagogoda, ndipo kuchokera pamenepo maso ake sanachokenso pa njira.

Pamwamba anapeza gulu lija litakhala pamiyala, ndipo wotsogolera atawaona akutulukira, wosaona ali patsogolo, anavula chipewa. Kunali mphepo yozizira bwino, youmitsa thukuta. A Dalaivala anaima n'kutembenuza nkhope pang'onopang'ono mpaka mphepoyo inawamenya pamphumi.

"Nyanja ili uku," anatero, ndipo analoza molondola.

Kondakitala anawauza zimene ankaona, tsopano basi itaima: mchenga woyera, denga la hotela, ndi kautsi kokwera pakati pa mitengo ya kokonati kamene ayenera kuti anali makala a mayi wa epuloni uja. Anamasula nsomba yootcha imene mayiyo anawakulungira m'tsamba la nthochi, ndipo a Dalaivala anachotsa minga okha ndi zala, n'kumupatsako Namwino mnofu wa pamsana. Iye analandira ndi manja awiri ngati mwana wamng'ono. Kamvula kanadutsa, kofunda, kosakhalitsa, ndipo palibe anathawa.

Koma walira mvula walira matope. Kondakitala anakonza zonse za kukwera, ndipo za kutsika sanaziganizireko n'kamodzi komwe. Masitepe amiyala aja tsopano anali onyowa, akunyezimira, ndipo pokwera anali atalipatsa msana phompho limene potsika linali pamaso pake penipeni. Anatsika pang'ono, bondo lakumanja linabaya ngati alowetsamo msomali. Anatsikanso, lakumanzere linayankha. Atayang'ana kumbali anaona nsonga za mitengo zili pansi pa mapazi ake, mutu unazungulira, ndipo anangokhala pa sitepe botolo lili m'manja.

A Dalaivala anali ataima patsogolo, ndodo ili pa sitepe yotsatira, akudikira kugogoda kumene sikunabwere.

"Kondakitala, wagona?"

"Mawondo akana," anatero. Sanafune kunama. "Ndipo ndikuona phompho. Ndikuchita mantha, bambo."

Namwino anayamba kutsika kuti akawathandize mayi ake, koma bambo ake anakweza dzanja, ndipo anaima.

"Vuto lako ndi maso amenewo," anatero a Dalaivala. "Ine phompho sindikuliona." Anabwerera sitepe imodzi chambuyo, mosamala, monga ankachitira mu depoti, mpaka mwendo wawo unakhudza bondo la mkazi wawo. Anapinda mkono n'kuupereka. "Dzuka, gwira apa. Tsamira ndithu, usachite manyazi, ndanyamulapo katundu woposa iwe."

"Nanga kugogoda?"

"Uzinena pakamwa, khutu lili pafupi. Uziyang'ana sitepe yokhayo ili patsogolo. Ndipo usathamange. Phiri amatsika ndi giya yomwe anakwerera, wodalira mabuleki amakafikira m'chigwa."

Anaika botolo ndi chala cha nkhanu m'chikwama, analowetsa dzanja lake m'mkono mwawo. Unali mkono wolimba, wofunda, wonyowa ndi mvula, ndipo anautsamira ndi thupi lake lonse. Iye ankanena msewu, iwo ankanyamula katundu. Sitepe, sitepe ina, yayitali iyi, hampu, kumanzere pang'ono. Bondo likabaya ankafinya mkonowo, iwo n'kuima osafunsa, n'kudikira mpaka atapuma. Gulu lonse linawapitirira, wotsogolera anawadikira pa mlatho wopapatiza uja n'kupitanso, ndipo Namwino ankabwera kumbuyo atanyamula ndodo ya mayi ake. Ulendo wonse wotsika sananene kuti samalani ngakhale kamodzi.

Anafika patsinde dzuwa litapendeka, matope ali mpaka m'mawondo. Namwino anawagulira madzi ozizira pa malo a tiyi paja, anayang'ananso pulasitala ija, kenako anaima n'kumasewera ndi chivundikiro cha botolo.

"Ababa," anatero, "njinga ija ndinagula ija..."

"Uisunge," anatero a Dalaivala. "Mayi akowa mawondo awathera."

Namwino anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi, n'kutembenukira kumbali kuti apukute.

Minibasi ya hotela inali itaima pamsewu, injini ikulira, anthu a gulu lija atakhala kale m'katimo, nkhope zili pamawindo. Panalinso ena pa malo a tiyiwo, ogulitsa zipatso, ndi amayi odikira galimoto. Onse ankayang'ana nkhalamba ziwiri zamatope zikutuluka m'nkhalango zitakolowekana mikono. Kondakitala anawaona maso amenewo ndipo anakumbukira mbuzi yopita kumsika. Apa panali pamsewu, pagulu, pamalo athyathyathya, ndipo mawondo ake akanatha kuyenda okha. Anayamba kusolola dzanja lake mwakachetechete kuti abwerere kumbuyo, kumalo kwake.

Chigongono cha a Dalaivala chinalipanikiza dzanjalo kunthiti.

"Ukupita kuti?"

"Pali anthu, bambo. Akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Akudziwa ndani wagwira mnzake?" Anapendeketsa mutu kumvetsera injini ya minibasi ija, n'kukwinya nkhope. "Uyu sindikwera naye, adzatipha ndi magiya ake. Kwa mayi wa nkhanu kuja n'kutali?"

"Msewu womwewu, kutsetsereka mpaka kumchenga."

"Ndiye usasiye. Siteji yathu sinakwane."

Anailambalala minibasi ija n'kulowa mumsewu, ndodo yansungwi ikugogoda phula patsogolo pawo, utsi wa makala ukubwera ndi mphepo kudzawachingamira.